Funsani Amakaniko: Kombaini yakale, masipeya tiwapeze kuti?

Funso

Amakaniko, ndimalima soya ku Mchinji. Chaka chatha ine ndi alamu anga tidasonkherana ndalama n'kugula kombaini yakale ya Claas Dominator, ya injini ya Perkins 6.354, kwa mlimi wina wa ku Mkushi ku Zambia. Idakolola bwino masabata awiri, kenako belingi ina idapsa, lamba n'kuduka. Tidakhala masiku 9 manja lende, soya akuthetheka m'munda ife tikuona. Aliyense akuti makinawa adatha fasho ndipo masipeya ake adasiya kupanga. Kodi tingoigulitsa kwa ogula zitsulo?

Mlimi wa ku Mchinji

Yankho

Bambo, musaigulitse, ndapota nanu. Claas adayamba kupanga Dominator ku Harsewinkel ku Germany mu 1971 ndipo mtunduwu udapangidwa kwa zaka zoposa 40. Makina ochuluka chonchi sasowa masipeya. Chimene chidakuvutani ndi kafunsidwe. Mukalowa m'sitolo ku Malangalanga ku Lilongwe n'kunena kuti mukufuna belingi ya kombaini, mnyamata wa pakauntala angopukusa mutu, pamene belingiyo ili pashelefu kumbuyo kwake.

Zambiri zimene zimatha pa kombaini si za Claas ayi. Pukutani belingi yakufayo ndi kansanza konyowetsa dizilo, muyang'ane m'mphepete mwake. Muona nambala, mwina 6205 kapena 6206. Nambalayo ndi imodzi dziko lonse: 6205 ili ndi bowo la mamilimita 25, kunja 52, kaya yakhala pa kombaini, pa chigayo kapena pa pampu. Mufunse yolembedwa 2RS kumapeto, kutanthauza kuti ndi yotseka ndi labala mbali zonse, chifukwa fumbi la soya likalowa mkati limadya girizi ngati mchenga. Ndipo musatengeke ndi yotchipa yopanda dzina. Ndidaikapo yotere pa shafiti ya fani chifukwa mwini wake adaumira thumba, tsiku lachitatu tidapeza yafiira, mankhusu ayamba kufuka utsi pambali pake. Tikadachedwa pang'ono makina onse akadapsa.

Injini yanuyo isakudetseni nkhawa. Perkins 6.354 idaikidwanso m'mathirakitala ngati Massey Ferguson 399, choncho mafyuluta, magasiketi ndi maling'i mukawapeza kwa ogulitsa za mathirakitala ku Lilongwe, ku Chipata kapena ku Lusaka.

Pa matcheni samalani. A 12B a ku Ulaya ndi a nambala 60 a ku America amaoneka ofanana, mfundo zake zimatalikirana mamilimita 19.05 onse, koma m'lifupi ndi timawilo take n'zosiyana. Mukasokoneza, mano a sipuloketi amatha msanga. Pitani ndi kachidutswa kakale m'manja. Lamba nayenso musataye ngakhale ataduka, ndiye muyeso wanu.

Zilipo zina za Claas zenizeni: mapule osinthira liwiro, magiya, chitsulo chokhota cha pansi pa diramu yopunthira, ndi shafiti yopindikapindika imene imagwedeza mapesi. Izi muzifuna ndi nambala ya makina yomwe ili pakachitsulo kokhomedwa pathupi pake. Ijambuleni pafoni lero lomwe, popeza Dominator ilipo ya mitundu yambiri ndipo masipeya ake salowana onse. Ku South Africa, makamaka ku Free State, kuli anthu amene ntchito yawo ndi kuphwasula makombaini akale n'kumagulitsa chimodzichimodzi, ndipo ambiri a malonda a makina aulimi amakumana pachionetsero cha NAMPO ku Bothaville mwezi wa Meyi. Afunseninso amene adakugulitsani ku Mkushi kumene ankagula. Mukamva za Dominator ina yakufa pa esiteti iliyonse, igulireni limodzi ndi alamu anuwo, muiike pansi pa shedi muzichotsako.

Mipeni yodulira kutsogolo ndi yotchipa, khalani nayo m'bokosi pamodzi ndi malibeti ake. Koma zitsulo za pa diramu musalole wowotcherera azidzadze ndi ndodo kuti zioneke zatsopano. Diramu imazungulira mwaliwiro kwambiri, mbali imodzi ikalemera imagwedeza makina onse mpaka mabelingi kutha. Posintha, sinthani ziwiri zoyang'anizana nthawi imodzi.

Tsono chimene chandiwawa m'kalata yanu ndi masiku 9 aja. Sipeya yochokera kunja, ndi mavuto a ndalama zakunja amene tili nawowa, simungaiitanitse mu Epulo soya atauma. Nthawi yake ndi Juni, mukangomaliza kukolola. Kombainiyo ilizeni kwa mphindi 20 yopanda katundu, muizimitse, muchotse kiyi, kenako mugwire nyumba ya belingi iliyonse ndi kuseri kwa dzanja. Yotentha kuposa zinzake ilembeni ndi choko. Mukatero tsegulani zitseko zonse za pansi, mupemerere ndi kompulesa mpaka pasatsale njere ndi imodzi yomwe, mukhwefule malamba, mupake matcheni oyilo, batire mulichotse. Njere zikatsala makoswe amasamukiramo, ndipo akamaliza soya amayamba mawaya. Nditumizireni chithunzi cha kachitsulo ka nambala kaja, ndikulembereni mabelingi ndi malamba oti muyambe kugula.