Keptinis wopanda uvuni kulibe, achimwene

M'bale wina wa ku Johannesburg wandilembera. Wayamba kufulula mowa pakhomo, ndipo wamva za keptinis, mowa wa alimi a ku Lithuania umene phala lake amaliotcha mu uvuni. Funso lake ndi lakuti: poti magetsi akwera mtengo, bwanji angodumpha zootchazo n'kuthira chimera chakuda chogula kusitolo, mtundu wake ukhale womwewo?

Ayi achimwene. Mukatero mufulula mowa wakuda, mwinanso wokoma, koma musautche keptinis. Ndipo ndikuuzeni, funso lanuli landipweteka mtima, ngakhale ndikudziwa kuti munafunsa mwachilungamo.

Ine ndinakulira m'manja mwa azakhali anga ku Dedza, mayi amene ankafulula masese. Fizi yanga inkachokera mumbiya zawo. Ndimawakumbukira akuviika mawere, akuwafunditsa masaka mpaka atamera, akuwayanika pamphasa uku akuingitsa nkhuku, kenako akusinja. Phala likapsa sankathamangira kuthira chimera. Ankadikira, n'kumaliyesa ndi kuseri kwa dzanja, ndipo mwana ukafunsa kuti tikudikira chiyani, yankho linali lakuti likatentha kwambiri chimera chimafa. Panapita zaka zambiri ndisanawerenge kuti m'chimera muli ma enzyme amene amasandutsa ufa kukhala shuga, ndipo amagwira bwino ntchito pakati pa madigiri 62 ndi 72 a Celsius, koma akafika cha m'ma 80 amatheratu. Azakhali ankadziwa zimenezi ndi dzanja. Komabe anthu ovala mataye, omwe ankabwera kudzamwa dzuwa likalowa, masana ankanena kuti mowa wa kumudzi ndi wa umbuli, ndi wa anthu osowa zipangizo. Mawu amenewo ankandiwawa ndili mwana ndipo amandiwawabe.

Nditabwera kuno ku England ndinagwira ntchito yolongedza ndiwo zamasamba ku Boston, m'dera la Lincolnshire, kumene kuli anthu ambiri ochokera ku Lithuania. Bambo wina amene tinkaima naye pamzere umodzi anali wa kumpoto chakum'mawa kwa dzikolo. Tsiku lina pa nthawi yopuma ndinamufotokozera za masese. Anasiya kudya, n'kuyamba kundiuza za agogo ake aamuna, mmene ankakolezera uvuni waukulu wophikira buledi, n'kulowetsamo phala la chimera, nyumba yonse n'kudzaza fungo. Ananenanso kuti kwawoko anthu a m'tauni ankaunyoza mowawo chimodzimodzi. Anthu awiri a mayiko otalikirana choncho, Chingelezi chathu chopereweza tonse, koma tinamvana bwinobwino. Atafulula wake m'khitchini ya nyumba ya lendi anandiitana. Unali wofiirira kwambiri, wopanda thovu lambiri, wotsekemera ngati uchi wopsereza pang'ono, ndi fungo la khungu la buledi. Kuwawa kwa khofi kumene kumapezeka mu mowa wakuda wa stout munalibemo.

Ndiye ndikamamva kuti tidumphe uvuni, m'makutu mwanga mumabwerera mawu a anthu a mataye aja. Maganizo ake ndi amodzi: kuti alimi ankachita zimenezi chifukwa analibe sitolo, ndipo ife amene tili ndi sitolo tingagule zotsatira zake m'paketi. Zoona, umphawi unalipo. Mphika waukulu wa kopa unali wodula, moti mabanja ambiri ankafululira m'migolo yamatabwa imene sungaiteleke pamoto. Ena ankaponyamo miyala yotentha. Koma uvuni wa buledi wa rye, mbewu yonga tirigu, unali pafupifupi pakhomo lililonse, ndiye anthu anaugwiritsa ntchito, monganso ankachitira m'madera ena a Russia ndi kwa anthu a mtundu wa Seto ku Estonia. Kusowa n'kumene kunawalozera njira, koma chimene anapeza kumeneko ndi kakomedwe kamene fakitale ilibe. Ndipo ine ndafika poti sindikhulupiriranso munthu amene amati amalemekeza mowa wa makolo koma ntchito yake sakuifuna. Walira mvula walira matope.

Chimachitika n'chiyani mu uvuni

Chimera chakuda cha kusitolo, monga chocolate malt kapena black malt, amachikazinga chili chouma, ufa wake usanasanduke shuga. N'chifukwa chake chimawawa ngati khofi. Mu keptinis zinthu zimayenda mosiyana. Mumayamba mwaviika chimera choyera cha balere m'madzi otentha kuti shuga atuluke, ndipo chimene chimalowa mu uvuni ndi phala lodzaza shuga. Pamwamba pamauma n'kuda, shuga uja n'kusungunuka, n'kumatana ndi makoko a balere. M'kati mumatsala mofewa, mukubwadamuka pang'onopang'ono kwa maola. Aliyense amene anakokotapo nkhoko pansi pa mphika wa nsima akudziwa kuti ufa ndi womwewo koma kukoma kwake n'kwina. Pano onjezanipo shuga.

Wina anena kuti nanga crystal malt? Ameneyo ndiye wayandikirako, chifukwa amachitenthetsa chili chonyowa kuti shuga apangike m'kati mwa njere asanachiumitse. Koma chimenecho mumathira pang'ono chabe, ndipo njere zonse zinapsa mofanana. Mu keptinis phala lonse limalowa pamoto, ndipo thileyi imodzi imakupatsani pakuda, pofiira ndi poyera nthawi imodzi. Kusafanana kumeneko n'kumene mumamva pakamwa.

Chinanso chimene anthu amachisintha ndi kuwiritsa. Alimi ambiri a kumpoto kwa Lithuania, cha ku Biržai, Pasvalys ndi Pakruojis, madzi otsekemera ochokera m'phala sawawiritsa ayi. Hops, maluwa amene amawawitsa mowa, amawiritsa payekha m'madzi mumphika waung'ono, n'kuthira msuzi wakewo. Mowa umatuluka wolemerera mkamwa, koma sukhalitsa, ndipo palibe amene amafuna kuti ukhalitse, poti amafululira ukwati, maliro kapena ntchito ya kumunda. Apanso ndimaona azakhali: masese ankafululira tsiku lodziwika, anthu n'kumwa, n'kutha. Mabuku ambiri ofululira pakhomo amalankhula ngati mowa wosawiritsa ndi ngozi. Mayi Aldona Udrienė a ku Jovarai, pafupi ndi Pakruojis, atchuka ndi mowa wosawiritsa wa Jovarų, ndipo yisiti ya banja lawo lero ikugulitsidwa ndi kampani ya Omega Yeast ku America pa dzina la Jovaru. Taonani, yisiti ya kumudzi yakwera ndege. Ndimalakalaka tsiku lina wina adzachite chimodzimodzi ndi zimene zili m'mbiya za amayi a ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo ndalama zake zidzafike kwa eniake. Ndimalakalakanso wina kumudzi, amene ali ndi uvuni wanjerwa wophikira masikono, atayesa kuotcha phala la chimera cha mawere. Sudzakhala keptinis, udzakhala wathu, ndipo adzaupatse dzina lake.

Za magetsi zija, achimwene, werengerani bwino. Uvuni ukatentha sukoka magetsi nthawi yonse, umayaka n'kuzima wokha. Komanso ola lonse limene mukanawiritsa malita ambirimbiri pa sitovu mwalipulumutsa. Ngati zikuvutabe, braai, mbaula yowotchera nyama, yokhala ndi chivindikiro imagwira ntchito, makala muike m'mbali, thileyi pakati.

Kafululidwe kake n'aka. Pa malita 10 a mowa tengani makilogalamu 3 a chimera choyera cha balere chogaya. Thirani madzi otentha ochepa, malita 5 kapena 6, kuti phala likhale lolimba pa madigiri 65, ndipo mulisiye ola limodzi. Likakhala lamadzi kwambiri tsanulaniko madziwo muwasunge. Liikeni m'mathileyi, kuzama kwake masentimita 5 mpaka 8, mu uvuni wa madigiri 180 mpaka 200 kwa maola atatu. Pamwamba pade ndithu, koma pakayamba kununkha chopserera chepetsani moto. Pamene likupsa, wiritsani magalamu 25 a hops m'malita 2 a madzi kwa ola limodzi. Phwanyani chigumucho m'ndowa yosefera, kokotani zomatirira zonse za m'thileyi, thirani msuzi wa hops, madzi munasunga aja ndi madzi ena a madigiri 80, mudikire mphindi 30, kenako sefani pang'onopang'ono. Ziziritsani msanga kufika pa madigiri 25 mpaka 30, thirani yisiti, ndipo ziwiya zonse zikhale zotsuka bwino poti simuwiritsa. Musatsekere m'mabotolo agalasi kuwira kusanatheretu. Usungeni mu fuliji, ndipo muumwe usanathe mwezi.