Musagule kaye lenzi ina, achemwali, yambani mwagwada m'munda wa maungu

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Zomba. Anagula kamera ya Canon yokhala ndi lenzi imene imabwera nayo ija, ya 18-55mm, koma akuti maluwa akumatuluka oyera mbuu, mbalame zikumaoneka ngati timadontho pathambo. Akufunsa ngati agule lenzi yaitali ya 300mm kapena angogulitsa kamerayo n'kubwerera ku foni. Achemwali, kalata yanu ndaiwerenga katatu. Funso lomweli ndinadzifunsapo ine, ndipo yankho limene ndinadzipatsa linandidyera ndalama ndi chaka chathunthu.

Kamera yanga yoyamba ndinaiyesera ku Liwonde, mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Tinakwera boti pa Shire masanasana. Mvuu zinali mbwee m'madzi, njovu zikumwa kutsidya, nkhwazi itakhala pamwamba pa mtengo ngati ikudikira ine. Ndinajambula mpaka batire inatha. Usiku nditatsegula zithunzizo pa kompyuta, mtima unandiwawa. Njovu zinali zotuwa ngati miyala, madzi akuthobwa m'maso, nkhwazi ija inali kachinthu koyera kosadziwika mutu wake. Nditapita kwa wogulitsa makamera m'tauni, sanandifunse nthawi imene ndinajambula kapena kumene dzuwa linali. Anangoti vuto ndi lenzi, n'kunditulutsira ya 70-300mm. Ndinatapa ndalama imene ndinkasungira malata a khitchini ya amayi.

Zithunzi zinaipiraipira. Palibe anandiuza kuti lenzi yaitali imakulitsa zonse, ngakhale kunjenjemera kwa dzanja lako lomwe. Pa 300mm kupuma kwako kokha kumagwedeza chithunzi, ndipo lenzi zotsika mtengozi zikafika kumapeto zimatseguka mpaka f/5.6 basi (nambala ya f imasonyeza kukula kwa bowo lolowetsa kuwala: ikakwera, bowo limachepa), kuwala n'kumalowa kochepa, kamera n'kumachedwa kutseka shutter, kachitseko kamene kamatseguka ndi kutseka pojambula. Mbalame inakuladi, koma inakula ili yosaoneka bwino. Kamera ndinaiika m'kabati miyezi ingapo osaikhudza.

Chinandibweza ndi amayi anga. Januwale wina ndinapita kumudzi ku Ntcheu, ndipo m'mamawa, mame asanaume, anandiitana kuti ndikawathandize kuthyola nkhwani. Ndinatenga kamera ndi lenzi yakale ija chifukwa ndi yopepuka. M'mizere ya chimanga maungu anali atayanga, maluwa ake achikasu atatseguka onse. Amayi anandionetsa chinthu chimene ndakhala ndikuchiponda kuyambira ubwana osachiona: duwa lalikazi limakhala ndi kadzungu kakang'ono kunsi kwake, lalimuna limangokhala pa kamtengo kowonda. Anati, "Awa ndi ofunika m'mawa wokha, likakwera dzuwa atseka." Ndinagwada m'matope. M'kati mwa duwa limodzi munali njuchi, thupi lonse lachikasu ndi mungu, ikutembenuka osandilabadira. Lenzi imeneyi, yomweyo muli nayo inuyo, imalola kuyandikira mpaka masentimita 25 kapena kupitirirapo pang'ono. Ndinayandikira, ndinagwira mpweya, ndinadina. Chithunzi chimenecho ndicho choyamba chimene ndinasindikiza, ndipo mpaka lero chili pakhoma m'nyumba ya amayi.

Apa ndilankhule zimene zimandivuta mumtima. Tinaphunzitsidwa kuti chithunzi cha nyama ndiye kuti mkango, ndipo maluwa ndiye kuti a m'mphika a pa khonde la hotelo. Zina zonse timati ndi tchire, maudzu, tizilombo. Ndimakondwera kwambiri kuti bungwe losamalira nyama zakutchire la African Parks linayamba kusamalira nkhalango ya Liwonde mu 2015 ndi kuti mikango inabwezeredwamo mu 2018, ndipo aliyense amene angakwanitse apiteko. Koma munthu amene amapita ku Liwonde kamodzi pachaka amagwira kamera masiku awiri pachaka. Sangaphunzire. Pamene pakhomo pake pali nanzikambe mu mtengo wa magwafa, buluzi akuwothera dzuwa pa njerwa, agulugufe pa chithaphwi, mpheta zikuluka zisa, tombolombo amene amabwerera pa kamtengo komweko mukamuthamangitsa. Duwa la therere, lija lachikasu chotuwira lokhala ndi kufiira kodera pakati, limakhala tsiku limodzi lokha, ndipo ambiri amene amadya therere sanaliyang'anepo bwinobwino. Ine ndafika poona kuti munthu amene sangathe kujambula nkhuku ya kwawo bwino sangathenso kujambula nkhwazi, ngakhale mutamupatsa lenzi yotalika ngati munsi.

Kusaona kumeneku kumatiwonongetsa zinthu. Ku Nyika kuli mitundu ya maluwa a orchid yoposa 200, ndipo ambiri amaphuka nthawi ya dzinja, pamene msewu wochokera ku Rumphi wavuta ndipo alendo achepa. Ena mwa maluwa amenewa timachubu tawo ta pansi ndi timene timakumbidwa n'kupanga chinaka, chimene anzathu a ku Zambia amati chikanda. Ukakumba kachubuko ndiye kuti chomera chonse chafa. Sindikunyoza mayi wokumba, akusaka ya sopo ndi ya sukulu ya ana. Koma ife odya tikanaliona duwalo kamodzi kokha pafupi, mwina tikanafunsa kuti likuchokera kuti ndipo latsala lochuluka bwanji. Chithunzi chabwino chingathe kuchita zimenezo.

Ndili mwana ndinali katswiri wa legeni. Sindinyadira mbalame zimene ndinapha, koma legeni inandiphunzitsa zimene kamera ikufuna: kudziwa mtengo umene pumbwa amatera m'mawa, kubwera dzuwa lili kumbuyo kwako, kusayenda molunjika kwa mbalame, kukhala pansi mpaka ikuiwale. Anyamata a kumudzi amayandikira mbalame kuposa munthu wa m'tauni wonyamula lenzi yaikulu. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo tsiku lina mvula itangokata ndinaziyesa zenizeni. Ndinagona chafufumimba pafupi ndi nkhono imene inali itabisala m'chigoba. Panapita nthawi ndithu isanatulutse tinyanga take tiwiri tatitali, ndipo kunsonga kwa kalikonse kunali kadontho kakuda. Ndiwo maso akewo. Ali pa chithunzi changa.

Nanga pa kamerapo mudine pati?

Maluwa anu akuyera chifukwa cha dzuwa la masana. Jambulani m'mamawa, chakumadzulo, kapena kukachita mitambo, ndipo duwa loyera kapena lachikasu mulichepetsere kuwala ndi batani lokhala ndi + ndi -, mufike pa -1. Pa maluwa tembenuzirani kagudumu ka pamwamba pa kamera pa Av, pamene mumasankha nokha kukula kwa bowo lolowetsa kuwala, muike f/8, ndipo mudikire mphepo ileke. Pa mbalame ndi nyama zoyenda ikani pa Tv, pamene mumasankha liwiro la shutter, muike 1/1000 ya sekondi ngati kuwala kulipo, ndipo ISO, muyeso wa mmene kamera imamvera kuwala, muisiye pa Auto. Sankhani kadontho kamodzi ka focus mukaloze pa diso la nyamayo. Tsikani mufanane nayo msinkhu, ndipo muyang'ane kumbuyo kwake kusakhale chidebe kapena waya wa zovala.

Lenzi yaitali mudzaigula, sindikukaniza, mbalame zakutchire zimaifunadi. Koma papite miyezi isanu ndi umodzi, mudzadziwe nokha chimene lenzi yanuyi yakulepheretsani. Ndipo poti muli ku Zomba, kumene chinyezi chimachuluka nthawi ya mvula, musasunge kamera m'chikwama chotseka mpaka kale, chifukwa nkhungu imamera m'kati mwa galasi ndipo kuichotsa n'kovuta. Timapaketi ta silica gel timene timabwera m'mabokosi a nsapato musatitaye, tiikeni pamodzi ndi kamera m'bokosi lotseka bwino.

Ndikukusilirani malo amene mukukhala. Botanic Garden ili m'tauni mwanu momwemo, phiri lili pamwamba panu, ndipo kukagwa nkhungu cha ku damu la Mulunguzi kuwala kumafewa mwa mtundu umene ojambula ena amaulipirira ndalama zambiri. Anyani a kumeneko musawapatse chakudya pofuna kuti ayandikire, amazolowera n'kuyamba kulanda anthu, kenako amaphedwa. Loweruka likubwerali dzukani tambala wachiwiri atalira, mupeze munda wa maungu kapena therere wa aneba, mupemphe kulowa, ndipo muvale chitenje chimene simudandaula chikada. Mukajambula njuchi yanu yoyamba nditumizireni, pamodzi ndi manambala amene anali pa sikirini, tidzaione limodzi.