Wakatapila akuti abwera kudzanyamula katundu, nditani?

Imelo ya achimwene ena yandisowetsa mtendere sabata ino. Anakongola K100,000 kwa wakatapila mwana atadwala, mwezi uliwonse akupereka K50,000 yachiwongoladzanja koma ngongole ili pompo, khadi ya ATM ili kwa mwini ndalamayo, ndipo pano akuwaimbira foni usiku kuti abwera ndi anyamata kudzanyamula TV ndi mipando. Akufunsa kuti atani.

Achimwene, nkhani yanuyi inalowapo m'banja mwathu. Achemwali anga ndi aphunzitsi a ku pulayimale, anakodwa nthawi yomwe bambo athu anatisiya, mukudziwa maliro sadikira kuti mwezi uthe, bokosi, ufa, nkhuni, galimoto yonyamula thupi kupita kumudzi, zonse zimafuna ndalama lero lomwe. Anapita kwa bambo wina wa golosale, munthu wopemphera ndithu, anawapatsa ndalama osavuta koma anatenga khadi, pini ndi chiphaso cha unzika. Tsiku la malipiro bamboyo ankaima yekha pa ATM ndi makhadi a anthu atawamanga ndi labala, kulowetsa imodziimodzi, anthu pamzere akung'ung'udza kumbuyo, akamaliza ndi pomwe eni ake ankapita ku golosale kuja kukalandira zotsala zawo ataima pambali ngati opempha. Achemwali anayamba kuphika kamodzi patsiku osauza munthu aliyense, ngakhale alamu athu samadziwa. Mwezi wina salale inachedwa kulowa, bamboyo anapita mpaka kusukulu nkukakuwa pakhomo la ofesi ya ahedi ana akusuzumira m'mawindo, ndipo ife tinamvera kumeneko. Mpaka lero zimandiwawa ndikakumbuka kuti mphunzitsi wophunzitsa ana a anthu kuwerenga anabwerera mkalasi tsiku limenelo maso ali ofiira, choko chili m'manja.

Pali anthu amati musamawanyoze akatapila, amathandiza pomwe banki yakukana. Ine zimenezo sindivomereza ngakhale pang'ono. 50 peresenti pamwezi ndi 600 peresenti pachaka, ndipo ena amafuna 100 peresenti, munthu wa salale angabweze bwanji zimenezo? Ndi kutungira madzi m'dengu. Wakatapila safuna nkomwe kuti mumalize kubweza, amafuna muzibwera mwezi ndi mwezi, ndipo chida chake chachikulu ndi manyazi anu, amadziwa kuti mulolera kugona ndi njala kusiyana nkuti akazi anu, abwana anu kapena a kumpingo amve. Nchifukwa chake amathamangira kuopseza kuti akuyalutsani.

Komanso tisamangoloza chala okongolawo kuti sadziwa kusunga ndalama. Kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa shuga, sopo, mafuta ophikira, thiransipoti zonse zinauluka, malipiro a anthu ambiri anangokwawa. Ena payslip yawo inadyedwa kale ndi ngongole zodula kumalipiro, pafoni napo pali ngongole zongodina, ndiye munthu amatenga uku kukatseka uko mpaka amathera kwa wakatapila. Abale athu ku Joni akulira ndi amashonisa, ku Zambia amati kaloba, machitidwe ake ndi omwewa olanda makhadi. Chomwe chimandikwiyitsa kwambiri ndi ma banki m'khonde ena omwe anayamba bwinobwino amayi kuthandizana, pano asanduka katapila weniweni, kuzula malata a mnzawo yemwe amakhala naye benchi imodzi kutchalitchi.

Ndiye muchite chani

Choyamba auzeni akazi anu usiku uno, asadzamvere kwa wakatapila. Mawa mupite ku banki yanu mukatseketse khadi ija mutenge ina ndi pini yatsopano, salale ndi yanu. Lembani ndalama zonse zomwe munapereka ndi masiku ake, ndipo kuyambira pano muzilipira pa Airtel Money kapena Mpamba kuti umboni uzitsala, mameseji oopseza musafufute, mupite nawo kupolisi. Palibe munthu ali ndi mphamvu yolowa m'nyumba mwanu nkunyamula katundu popanda chilolezo cha khoti, ntchito imeneyo ndi ya ma sheriff mlandu ukaweruzidwa. Lamulo la Loans Recovery Act limalola khoti kuunikanso ngongole yomwe chiwongoladzanja chake ndi chonyanya, a Legal Aid Bureau angakuthandizeni ngati mulibe ya loya. Ikakhala kampani yobwereketsa ndalama, lamulo la Microfinance Act la 2010 limafuna ikhale yolembetsedwa, ndipo dandaulo lanu mutha kulipititsa ku Reserve Bank of Malawi.

Sindikunena kuti muthawe ngongole ayi, ndalama munatengadi. Mukhale pansi ndi wakatapilayo pali mboni, kaya amfumu kaya mkulu wa mpingo yemwe nonse mumamupatsa ulemu, muwerengetse zomwe munapereka kale, mugwirizane zotsala ndi kabwezedwe kake, mulembe papepala nonse musainire. Adzakalipa, mwina adzatuluka nkumenyetsa chitseko, koma ambiri a iwo khoti amaliopa kuposa inu chifukwa alibe mapepala ochitira bizinesi imeneyi. Chiphaso chanu cha unzika ngati anatenganso mukachifunse pomwepo mboni zikuona.