Za mkulu wa ng'oma uja

Eee msuweni, ndaumva uthenga wako. Ukuti mkulu woimba ng'oma muvidiyo ija ndani, nanga bwanji dzina lake silimveka. Ndi Alan Dawson ameneyo, wa jazz, wa ku Boston ku America. Koma iwe ndimakudziwa, chikukuvuta si chimenecho. Dikira kaye.

Ukuzikumbuka ng'oma za amalume aang'ono? Zofiira zija anabwera nazo pa basi... ayi, pa sitima, pochokera ku Bulawayo. Abambo mfumu anawapempha kuti Loweruka masana aziphunzitsa anyamata a kwaya, kandalama kanaliponso. Amalume akuti, ine? Kuphunzitsa n'kwa anthu otha, ine ndikudikira bandi ya kuhotela. Basi anadikira. M'mawa uliwonse kukwecha mbale zachitsulo za ng'oma zija ndi phulusa ndi ndimu, kuziyanika pakhonde kuti odutsa aone. Tayi m'khosi, osapita kulikonse. Mapeto ake chikopa cha ng'oma yaikulu chinang'ambika, nkhuku za agogo n'kuyamba kuikiramo. Wotumidwa kukatola mazira anali iwe, usakane! Zinazo ndisanene, m'gulu muno muli azakhali.

Ndimati chiyani? Eya, Dawson. Munthuyu anaimba ndi akatswiri a jazz, Lionel Hampton mu 1953, ndi Dave Brubeck kuyambira 1968, si wamasewera. Koma anakhazikika ku Boston, kuphunzitsa pa sukulu ya zoimba ya Berklee kuyambira 1957 mpaka 1975. Masana kalasi, usiku ali m'kalabu kuimbira akatswiri obwera mumzindamo. Msana utamuvuta, ana asukulu ankamupeza kunyumba, mpaka anamwalira mu 1996. Ankawauza kuti nyimbo aziyiimba pakamwa uku manja akugunda, kuti asasochere pomwe yafika. Ndiye kamnyamata kena kamene anakasula, Tony Williams, katswiri wa lipenga Miles Davis anakatenga m'bandi yake mu 1963 kali ndi zaka 17 zokha. Sevenitini, msuweni!

Tsono ntchito ya kusukulu yakuitana ija, yophunzitsa ana zoimba... mmm, usandifunse wandiuza ndani. Kaivomere. Ukuopa kuti anzako a bandi azinena kuti watha, si choncho? Dawson uja ankaphunzitsa uku akuimbabe, timitengo sanaponye pansi. Kaivomere, Lachisanu usiku uziimba monga kale, palibe wakuletsa.

Wamva? Lolemba ukasaine kalatayo. Nkhuku za agogo zinatha ndi chitopa, ng'oma zakozo palibenso woikiramo.