Yankho kwa Amalume pa za ana ku Nyumba ya Malamulo

Amalume, ndamva funso lanu lija, loti kodi mdzukulu wanu ndi anzake a mpira wa baseball ankatani m'Nyumba ya Malamulo pa chithunzi chimene ndinatumiza, ndiponso ngati boma linawapatsa ndalama. Ndalama sanalandire ngakhale khobidi limodzi, ndipo palibe lamulo limene linakhazikitsidwa chifukwa cha iwo.

Kuno ku America chigawo chilichonse chili ndi nyumba yakeyake ya malamulo. Yathu ya Michigan ili mumzinda wa Lansing, ndipo ili ndi aphungu 110 ndi maseneta 38. Timu ya ana ikachita bwino, phungu wa dera lawo amatha kuwaitana kuti akawayamikire pamaso pa aphungu anzake, n'kuwapatsa chikalata chaulemu. Ana athu anakhala pakhonde la m'mwamba atavala yunifolomu, zipewa zili m'manja, ndipo phungu atatchula dzina la timu yawo, aphungu anaimirira n'kuwomba m'manja. Mdzukulu wanu, amene kunyumba satseka pakamwa, anangoti kakasi, akufinya chipewa chake.

Musadabwe kuti akuluakulu a boma amapeza nthawi ya masewera a ana. Mpira umenewu anthu kuno amaulemekeza kwambiri, moti mpikisano wa Little League World Series, umene unayamba m'chaka cha 1947 ku Williamsport, m'chigawo cha Pennsylvania, umaonetsedwa pa wailesi yakanema dziko lonse, ngakhale osewera ake ndi ana a zaka 10 mpaka 12. M'chaka cha 2021 timu ya Taylor North, ya kufupi ndi Detroit, inagonjetsa ya ku Ohio 5 kwa 2, ndipo chikhocho chinabwerera ku Michigan koyamba kuchokera pamene timu ya mumzinda wa Hamtramck inachitenga mu 1959. Athuwa sanafike kumeneko, anangopambana m'dera lathu.

Chimene chinandikhudza ine, Amalume, n'chakuti phunguyo anatchulanso mphunzitsi wa anawa, bambo amene salipidwa kanthu, amene amaweruka ku fakitale ya magalimoto n'kubwera kubwalo asanasinthe ndi nsapato zomwe. Zaka zinayi wakhala akuchita zimenezi, ndipo tsiku limenelo ndinamuona akupukuta misozi ndi dzanja la malaya. Chikalatacho makolo tinagwirizana kuti chikapachikidwe m'nyumba mwake, ana atenge zithunzi zake zokha.