Tayala lakutsogolo likutentha: kodi kalipa yakale ingakonzedwe?

Bambo wina wa ku Chilenje mu Lusaka watilembera kuti ali ndi Mercedes-Benz W123 ya 1982 imene inakhala pabwalo zaka ziwiri osayenda. Pano akangofika nayo ku Kabwata, tayala lakutsogolo kumanzere limakhala litatentha ndi kununkha, galimoto n'kumakokera komweko. Makanika wawauza kuti agule kalipa ina, chitsulo chimene chimapanitsa mapadi a buleki pa disiki ya tayala. Akufunsa ngati yakaleyo singakonzedwe.

Ingakonzedwe ndithu, bambo. Koma musanamasule bawuti ndi imodzi yomwe, tsimikizani kuti yolakwa ndi kalipa. Kwezani galimoto pa jeke, muikhazike pa zochirikiza zachitsulo, mupondeponde buleki n'kusiya. Tayala likakana kuzungulira, masulani pang'ono kanipo kotulutsira mpweya ka pa kalipa. Mafuta akathovoka tayala n'kumasuka, vuto ndi paipi ya labala yobweretsa mafuta a mabuleki ku kalipa: imafufuma mkati, mafuta amapita koma osabwerera. Kunja imaoneka bwinobwino, n'chifukwa chake ambiri amataya ndalama pa kalipa yosalakwa. Tayala likakhalabe gwa, ndiye pisitoni ya m'kalipa, yokankha mapadi, yagwira. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi, ndipo labala yotchinga fumbi ikang'ambika, madzi a m'misewu yathu nyengo ya mvula amalowa. Galimoto ikaima nthawi yaitali, dzimbiri limamanga.

Kalipa ya galimotoyi ili ndi mapisitoni awiri oyang'anizana. Chotsani mapadi, ikani kathabwa pakati, pondani buleki paipi ikadali yolumikiza kuti mafuta awakankhe. Yomwe yayamba kutuluka igwireni ndi kalampu kuti mphamvu ipite kwa inzakeyo. Ngati mwasankha kompresa, zala zisakhale pakatipo, chifukwa pisitoni imatuluka ngati chipolopolo. Mabawuti olumikiza mbali ziwiri za kalipa asiyeni, musawakhudze.

Yendetsani chikhadabo pa pisitoni. Chikakodwa m'timaenje kapena utoto wonyezimira wa pamwamba pake ukamasupuka, gulani ina. Kuipala ndi sandipepa n'kungochedwetsa kudontha.

Ntchito yeniyeni ili m'kangalande mmene mumakhala sili, mphete ya labala yozungulira pisitoni, mkati mwa kalipa. Sili imeneyi siyongotseka mafuta ayi. Mukaponda buleki imapindika pang'ono, mukasiya imawongoka n'kukoka pisitoni kubwerera pang'onong'ono, mapadi n'kusiya disiki. Dzimbiri likamera pansi pake limaitukula, iyo n'kufinya pisitoni. Apa ndi pamene ambiri amalephera: amaika sili yatsopano pamwamba pa dzimbiri, pakangotha milungu tayala layambanso kutentha. Palani kangalandeko mofatsa mpaka chitsulo chioneke kuzungulira konse, osaiwala mlomo wa kunja pamene pamakhala labala ya fumbi. Tsukani ndi spiriti kapena mafuta a mabuleki atsopano. Petulo, palafini ndi oilo wa injini zimafufumitsa labala, zisayandikire n'komwe.

Pogula zida, werengani dzina lolembedwa pa kalipa. Ma W123 ena ali ndi ATE, ena Bendix, ndipo masili ake ndi osiyana. Nyowetsani sili ndi pisitoni ndi mafuta a mabuleki, mukankhe ndi zala zazikulu molunjika. Ikafuna nyundo, yapendama kapena simunayeretse bwino.

Chonde konzani mbali zonse ziwiri, mapadi ndi mapaipi omwe. Mukakonza imodzi, galimoto idzakokera ku yatsopanoyo mukaponda mwadzidzidzi. Disiki yotenthedwa iyezeni: yakutsogolo yatsopano ndi 12.6 mm, ikafika 10.6 mm yatha ntchito.

Pomangirira, kanipo kakhale pamwamba, apo ayi mpweya sutuluka. Tengani lita imodzi yosatsegula ya mafuta a mabuleki a DOT 4, mutulutse mafuta akale onse kuyambira tayala lakutali ndi masita silinda, pampu imene pedulo ya buleki imakankha. DOT 4 yatsopano imawira pa 230°C kupita m'mwamba, yoyamwa madzi ingawire pa 155°C, ndipo kusiyana kumeneku mumakumva potsetsereka ku mapiri a Munali, buleki ikangolowa pansi. Musanatuluke pageti, pondani mpaka pedulo ilimbe, kenako muime pang'onopang'ono kakhumi pa msewu wopanda anthu kuti mapadi akhazikike pa disiki.