Kodi kwawo kwa rumba ndi ku Congo kapena ku Cuba?

Funso: Akonzi, ndimakonda rumba ya ku Congo, koma mnzanga akuti kwawo kwa rumba ndi ku Cuba. Zoona zake ndi ziti? Wowerenga wa ku Mzuzu.

Yankho: Mnzanuyo sananame, kungoti dzinali limasokoneza. Ku Cuba, rumba ndi gule wa ng'oma ndi mawu basi, wopanda gitala. Anabadwira m'makomboni a anthu akuda ku Havana ndi Matanzas nthawi imene ukapolo unkatha (unathetsedwa mu 1886), ndipo poyamba ankaimba pomenya mabokosi amatabwa.

Chimene anthu a ku Congo anatengera ndi mayimbidwe ena otchedwa son, ochokera kummawa kwa chilumba cha Cuba, dera la Santiago de Cuba ndi Guantánamo. Mu son muli gitala, maseche, ting'oma tiwiri tolumikiza totchedwa bongó, ndi tres, kagitala ka nsambo zisanu ndi imodzi zomangidwa ziwiriziwiri. Lipenga linalowamo cha m'ma 1927. Kuyambira mu 1933 kampani ya HMV inkagulitsa mu Africa zimbale za nyimbozi, zodziwika ndi zilembo za G.V., ndipo amalonda akunja ankangozitchula kuti rumba. Ku Léopoldville (lero Kinshasa) ndi Brazzaville zinagwira mtima msanga, ndipo sizodabwitsa: pakati pa akapolo amene anapita ku Cuba panali ambiri ochokera ku Kongo komweko. Joseph Kabasele anayambitsa gulu loimba la African Jazz mu 1953, Franco ndi anzake OK Jazz mu 1956, ndipo zimene ku Cuba ankaimba pa tres ndi piyano iwo anazisamutsira pa gitala, mawu n'kukhala a Chilingala. Bungwe la UNESCO linalemba rumba ya ku Cuba pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe mu 2016, ya ku Congo mu 2021.

Funso: Gulu lathu likuphunzira nyimbo za ku Cuba, koma timitengo tiwiri tija tikutisokoneza. Timaimbidwa bwanji? Wowerenga wa ku Zomba.

Yankho: Timitengoto ndi claves, ndipo ndi timene gulu lonse limatsatira. Pezani tiwiri ta mtengo wolimba, totalika masentimita 20 mpaka 25. Kamodzi kagone pa nsonga za zala za dzanja lamanzere, chikhatho mutachipinda ngati mukutunga madzi, kenako menyani pakati pake ndi kamtengo kachiwiri. Mukakafumbata mwamphamvu mawu ake amafa.

Werengani mofulumira ndi mofanana kuyambira 1 mpaka 16, mobwerezabwereza. Menyani pa 1, 4, 7, 11 ndi 13. Kumeneko ndi kumenya katatu kenako kawiri, kwa son. Mu rumba yeniyeni ya ku Cuba kumenya kwachitatu kumachedwa pang'ono, kumagwera pa 8. Nyimbo zina zimayambira mbali ya kawiri: 3, 5, 9, 12 ndi 15.

Vuto lalikulu ndi kutembenuza mbalizi nyimbo ili mkati, oimba mawu ali pa katatu, wa timitengo ali pa kawiri. A ku Cuba amati cruzado, ndipo ovina amamva nthawi yomweyo.  Yambani ndi kuwomba m'manja pang'onopang'ono, phazi likuponda pa 1, 5, 9 ndi 13, zida zina zilowe pambuyo.